Pafomu Ndinachonga Ayi

Lachiwiri, 5 Novembala 2024

Sabata yachisanu ndi chinayi. Ndawerenga kawiri pa kalendala ya m'khitchini, ndi chala chokha. Cholembera ayi, amuna anga a Overton angaone n'kufunsa.

Palibe akudziwa. Mimba yoyamba ija, tili ku Dedza, ndinasangalala mopusa. Ndinauza banja lonse mwezi usanathe. Inachoka. Apongozi sanakalipe, anangoti, "Mimba salengeza, mwana wanga. Umauza mayi wamkulu mmodzi, iyeyo ndiye amakauza mwamuna." Kuno ku Wakefield mayi wamkulu wanga ndi Mayi Gertrude a kutchalitchi. Anapita kumudzi ku Ntcheu kukamanga chiliza cha bambo awo. Abwera pa 20. Ndidikira.

Vuto lili kuntchito, kunyumba ya sinowo ku Castleford, yokhala ndi phiri lochita kupanga mkati mwake, kumene ndimakolopa. A Shirley, amene amaphunzitsa anthu kutsetsereka pa masiki, timatabwa tatitali tovala kumapazi, anditsata mpaka kuchimbudzi cha akazi ndili ndi ndowa. Loweruka kuli demo ya azimayi. Kampani ina ikubweretsa masiki atsopano kuti anthu ayese asanagule, ndipo ikufuna maganizo a akazi aang'ono thupi. Dzina langa alemba kale. Akuti, "Luso, wokondedwa, iwe ndiwe wopepuka, ndipo umamva zimene mwendo ukukuuza. Usandikane."

Ndinangoseka, maso pa mopu. Ndiwo akhala akundiphunzitsa ulele Lolemba lililonse m'mawa kuyambira Febuluwale. Anandipatsanso mabuti a mwana wawo. Milungu inayi tsopano ndikuwathawa. Mutu, basi yachedwa, mutu kachiwiri. Mabodza anditherera. Munthu wotere umamukana ndi pakamwa pati?

Lachinayi, 7 Novembala

Mvula. Basi yodzaza, fungo la majasi onyowa. Mseru wachepa masiku ano, ndathokoza.

Fomu yabwera pa nthawi ya tiyi. A Shirley akuti tilembe lero kuti Loweruka tisaime pamzere. Kutalika: 154. Kulemera: 51, ndinadziyeza m'mawa pa sikelo ya kubafa. Nambala ya pachidendene cha buti: 274, ndinapita kukaiona, sindinafune kulemba za pamtima. Akuti manambala amenewa ndi ofunika, amamangira nawo chitsulo chogwira buti pa siki. Akamanga kwambiri, ukagwa siki sichoka, bondo limapotoka. Akamanga pang'ono, imachoka uli pa liwiro.

Luso lako ndi lotani: woyamba, wapakati, katswiri. Ndinafuna kuchonga woyamba. A Shirley anagwira dzanja langa n'kulisunthira pa wapakati. "Akazi nonse mumadzichepetsa pafomu iyi, kenako amakupatsani masiki a ana."

Kumunsi, mafunso a zaumoyo. Mtima, msana, khunyu. Lomaliza: kodi ndinu woyembekezera?

A Shirley ataima pambali panga, kapu kumanja, akupemerera tiyi. Anzanga awiri patebulo lomwelo. Kodi woyamba kumva akhale mzungu wa kuntchito, ndi pepala la kampani? Mayi Gertrude asanamve, bambo a mwana asanamve?

Ndinachonga ayi. Mzere wowongoka bwinobwino. Chibadwire sindinanamepo pafomu.

Lachisanu, 8 Novembala

Ndafufuza pafoni. Chingerezi chachitali, koma ndamva kuti woyembekezera akumuletsa masiki. Ndafufuta zonse.

Ndaganiza zoti ndiimbe m'mawa ndinene kuti ndatsegula m'mimba. Ndiye a Shirley atumiza uthenga: adzanditenga okha pagalimoto 8 koloko.

Ndipita pang'onopang'ono. Masiki a mtundu umodzi, kutsika kawiri, basi. Sindinagwe chiyambire Juni.

A Overton ali ndi shifiti yaitali kuchipatala mawa. Ndawasitira yunifolomu. Akuti, "Katsikeni phiri lanu la m'firijilo, mayi a nyumba, mutitengere mendulo." Amaseka nazo, koma amauza anzawo onse kuti mkazi wawo amatha.

Loweruka, 9 Novembala

Ndilembe mwadongosolo.

Azimayi ngati makumi atatu. Wakuda ndine ndekha, monga mwa masiku onse, koma lero wopanda mopu. Matebulo m'munsi mwa phiri, masiki ataimikidwa m'mizere. Umasiya khadi lokhala ndi chithunzi chako, amakupatsa masiki. Kutsika kawiri kapena katatu, kubweza, kulemba pakakhadi mmene wamvera, kutenga ena.

Womanga zitsulo dzina lawo a Ken. Sanandiyang'ane kumaso, anangowerenga fomu, kutembenuza sikuludiraiva, kuponda buti kuti amve kulira kwake. Mayi wina wamtali anakangana nawo. Ankamupatsa masiki ofewa a maluwa apinki, iye akufuna aatali a amuna. Anawauza kuti iye sanabwere kudzasankha makatani. Azimayi onse kuseka. Inenso ndinaseka, chakumbali.

Masiki oyamba: aafupi, ofika pachibwano. Opepuka kuposa obwereketsa amene ndinazolowera. Ungoganiza zokhota, akhota kale. Ndinalemba: ndi omvera.

Apa ndiye pamene ndinayenera kuvula mabuti.

Achiwiri: ofika pamphuno. Sinowo inkalira pansi pawo ngati nsalu ikung'ambika. Ndinatsika katatu. Sindibisa, ndinasangalala. Ndinaiwala chilichonse. Chibwerereni dziko lino palibe pena pamene thupi langa limadziwa chochita popanda kufunsa munthu.

Achitatu a Ken anachita kundipatsa okha. Olimba, ofika pachipumi. Anati awa amafuna liwiro, ukawaopa amakutaya. Ndinafuna kunena kuti zikomo, ndatopa. Kumbuyo kwanga mzere, a Shirley akundikwezera chala chachikulu. Ndinalandira ndi manja awiri.

Pakati pa phiri ndinaopa. Ndinabwezera thupi m'mbuyo, chimene amaletsa tsiku loyamba. Mphepete mwa siki munaluma sinowo. Denga, magetsi, denga. Ndinagwera chammbali, ndodo yoyendetsera masiki pansi pa mimba. Masiki onse awiri anachoka bwinobwino, a Ken anamanga molondola.

Ndinadzuka msanga, kuseka, kupepesa aliyense. Wachithandizo choyamba anafunsa ngati pali chimene ayenera kudziwa. Ndinati palibe. Kunama kachiwiri.

Pakakhadi ndinalemba: ndi olimba kwa ine. Ndinatenga khadi langa. A Shirley anandigulira chokoleti chotentha, sindinamwe.

Lamulungu, 10 Novembala

Magazi. Kadontho, kofiirira. 6:40 m'mawa.

Ndinapitabe kutchalitchi. Sindinaimbe. Mpando wa Mayi Gertrude wopanda munthu. Popemphera ndinalibe mawu, ndingamuuze chiyani Mulungu amene anaona dzanja langa likuchonga?

2 koloko, kena. 5 koloko, ofiira.

Chiuno chakumanzere chabiriwira. A Overton anaona ndikutsimphina, anati ndiike madzi oundana, n'kuseka kuti asilikali amabwera ndi zipsera. Ndinalowa m'bafa, kutsegula mpopi kuti asamve.

Lolemba, 11 Novembala

Ndawauza a Overton. M'mawa, akumanga nsapato. Popanda mayi wamkulu, popanda mwambo, nditaima pakhomo la khitchini ngati wakuba.

Anaimirira nsapato imodzi kumanja. Kenako mafunso a unesi, mawu ozizira. Masabata angati. Magazi ochuluka bwanji. Kupweteka mbali iti. Anaimba foni, anapeza malo a sikani Lachitatu 10:20. Anaimbanso kuntchito kwawo kuti achedwa.

Atamaliza zonse ndiye anandiyang'ana. "Luso, ine ndine nesi. Ndimagona pambali pako. Umadikira munthu amene ali ku Ntcheu?"

Ndinati amayi anu ndiwo anandiuza. Anati, "Amayi anakuuzanso kuti ukakwere phiri?"

Anatuluka. Sanamenyetse chitseko. Bola akanamenyetsa.

Sindinapite kuntchito.

Lachiwiri, 12 Novembala

Ndagona tsiku lonse, miyendo pa pilo. A Overton akuti sizithandiza kanthu, koma sanachotse piloyo.

Magazi sakuchuluka, sakuleka.

Mauthenga atatu a a Shirley. Akufunsa za chiuno. Akuti a kampani anakonda makhadi anga, ndine ndekha ndinalemba zomveka. Atumiza chithunzi: ine pa masiki achiwiri aja, mawondo opinda bwino, mano onse panja. Ndachiyang'ana nthawi yaitali. Mkazi wopusa uyu. Sindinayankhe. Ndikawauza adzadziimba mlandu, pamene anafunsa, pepala linafunsa, wachithandizo anafunsa.

Apongozi anaimba madzulo. Ndinamva a Overton pabalaza akuti tonse tili bwino, kwangozizira. Ananama chifukwa cha ine. Anandibweretsera tiyi ndi buledi, anaika pampando, anatuluka.

Ngati mwana ali moyo sindidzapondanso sinowo. Ndalonjeza. Mabuti ndibweza. Ntchito ndikafuna ku weyahausi, kosungira katundu. Mungomusiya, Ambuye, chilango mundipatse china.

Lachinayi, 14 Novembala

Dzulo sindinathe kulemba.

Chipinda cha sikani, chamdima pang'ono. Mayi woyeza anatembenuzira sikirini kwa iye. Anayeza, kuyezanso. Anapita kukaitana mnzake. A Overton atangoona wachiwiriyo akulowa anagwira phazi langa. Iwo anadziwa kale.

Mtima sukugunda.

Ndinayamba kunena zonse, Chingerezi chikuthawa. Kuti ndinagwa, ndinanama pafomu, ndine ndapha. Mayiyo anakhala pansi, anandionetsa manambala. Mwana ndi wa masabata asanu ndi awiri. Ine ndili pa khumi. Analeka kukula masabata atatu apitawo, demo isanachitike, fomu isanabwere. Anabwereza pang'onopang'ono kuti ndimve: "Kugwa kuja sikunachite izi. Palibe chimene munachita."

Ndinafunsa kuti nanga n'chiyani. Anati nthawi zambiri sizidziwika. Ndinafunsa ngati adzafufuza. Anati kawirikawiri amafufuza zikachitika katatu. Katatu. Anandipatsa timapepala tosankha njira yoti mimbayi ichoke, kudikira, mankhwala, kapena opaleshoni. Ndatipinda bwino, tili m'chikwama.

M'basi a Overton analira, anthu akuona. Anati ndiwakhululukire mawu a Lolemba. Ankangobwereza, "Si siki ija, wamva? Si iwe." Kwa iwo ndi mpumulo. Akufuna nanenso ndipume.

Sindinawauze ichi. Loweruka, pa chingwe chokokera anthu pamwamba, ndinkayankhula ndi mwanayo chamumtima. Ndinkati gwira zolimba, ona zimene amayi ako amatha. Ulendo uliwonse. Ndinkayankhula ndekha.

Masiku anayi ndakhala ndikupempha kuti isakhale siki. Lero ndikulakalaka ikanakhala siki. Siki ndikanaisiya, mabuti n'kubweza, ulendo wina n'kudzasamala. Nanga thupi langali ndikalibweza kwa ndani?

A Overton akuitana, akuti tisankhe pepala limodzi lero chipatala chisanatseke foni. Sindinawerenge n'limodzi lomwe. Ndiyambe ndasamba kumaso, kenako tikawerenge.