Chofunda Chokwanira Munthu Mmodzi

Lolemba, 3 Malichi

Funso limene ndikufuna kuliyankha mwezi uno usanathe ndi ili: kodi n'koyenera kuduladula chovala chabwinobwino kuti usokere chofunda cha zigamba, pamene kumsasa wa anthu othawa madzi osefukira kuli amayi amene atsala ndi chovala chimodzi chokha? Yankho langa lero ndi lakuti n'kosayenera. Ndalilemba pano kuti ndisadzabwerere m'mbuyo.

Woimbidwa mlandu ndi bambo anga. Chipumireni pantchito yoyendetsa basi, ndiponso chimwalirireni amayi chaka chatha, atulutsa makina osokera a amayi kuseri kwa kabati n'kuwaika pawindo la pabalaza. Anayamba ndi tinthu ting'onoting'ono: kogwirira poto wotentha, kathumba ka makiyi, chophimba pilo. Pamenepo ndinalibe mawu. Koma tsopano alowa m'sutikesi ya amayi ndi sizasi. Siketi yamaluwa yapita. Mabulauzi awiri apita. Patebulo lodyera pali milumilu ya tizigamba, tonse todulidwa motsatira kachidutswa ka katoni.

Makinawo amawapalasa ngati akuponda buleki pamtsetse. Kulira pang'ono, kuima, kuliranso.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndinawafotokozera mfundo zanga mwadongosolo, monga timachitira m'kalasi ya zamalamulo. Anamvetsera ali ndi mapini kukamwa. Nditamaliza anawalavulira m'dzanja n'kundifunsa ngati Aloya amaliza, chifukwa woimbidwa mlandu ali ndi pempho. Dzina limenelo anandipatsa ndili mwana, ndisanaganize n'komwe za yunivesite.

Pempho lake linali lakuti ndiwawerengere tizigamba tofunika kuti chofundacho chikwane bedi lawo lonse. Ndinayeza bedi ndi tepi, ndinayezanso kakatoni kaja, n'kugawa. Masamu a mwana wa pulaimale. Ndinawauza momveka bwino kuti kuwerenga si kuvomereza.

Lamlungu, 9 Malichi

Kunabwera azakhali. Asanakhale n'komwe anayamba. “Achimwene, bambo wamkulu imvi mbuu kukhalira kutola tizigamba ngati mbalame yomanga chisa? Akakuonani anzanu a kudepoti mudzati chiyani?” Anapitiriza kuti mankhwala a zonsezi ndi kukwatiranso basi.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinaimirira n'kuwafunsa azakhali kuti ndi lamulo liti linalemba dzina la mkazi pa singano. Ndinalankhula nthawi yaitali ndithu, mpaka tiyi wawo anazizira. Anachoka akunena kuti sukulu yandiwononga pakamwa.

Bambo anangoti lero Aloya ali mbali yawo, za mawa sakudziwa.

Ndikufuna zimveke: ndinateteza ufulu wawo wosoka. Sindinateteze chimene akudulacho. Izi ndi nkhani ziwiri zosiyana.

Lachitatu, 12 Malichi

Bungwe lathu la ophunzira likutseka mawa kusonkhanitsa zovala za kumsasa. Ine amene ndinaimirira kutsogolo kwa holo n'kudzudzula anzanga chifukwa cha masutikesi odzaza ndi zovala zosavala, thumba langa ndi limene linali lopepuka kuposa onse. Manyazi.

Masana bambo anapita kukagula ulusi. Ndinatsegula sutikesi. Pansi penipeni panali diresi yobiriwira ya amayi, yotakata m'munsi, nsalu yolimba, yopindidwa payokha m'pepala. Sizasi inali isanaikhudze.

Ndaitenga. Zifukwa zanga: ndine mwana wawo choncho ndili ndi gawo pa katundu wawo, chovala chinasokedwa kuti chivalidwe, amayi akanakhala moyo akanaipereka okha. Zifukwa zitatu, zonse zolimba. Sindikumvetsa chifukwa chake ndinatseka sutikesiyo pang'onopang'ono ngati wakuba, m'nyumba mulibe munthu.

Loweruka, 15 Malichi

Tinakagawa. Msasa uli m'makalasi a sukulu ina, madesiki anaunjikidwa kukona, mabanja akulekanitsidwa ndi nsalu zopachika pachingwe. Fungo la zinthu zonyowa paliponse.

Diresi ija inagwera mayi wina wamtali ngati amayi, wa mpata kumano. Anaivala pomwepo, pamwamba pa zimene anavala. Kenako anapeza matumba. Amayi ankasokera matumba pa diresi iliyonse, ankati chovala chopanda thumba ndi chipongwe kwa munthu wamkazi. Mayiyo analowetsa manja onse awiri, n'kutembenukira anzake akuseka, kuti aone.

Ndinapita kuseri kwa lole imene inanyamula zovalazo. Mnzanga wa m'bungwe anandipeza kumeneko ndikupukuta maso, ndinamuuza kuti ndi fumbi.

Umboni uli mbali yanga. Ndinaona ndi maso anga chimene chovala chathunthu chimachita pathupi la munthu. Ndiyenera kukondwa.

Lachisanu, 21 Malichi

Bambo amaliza kulumikiza tizigamba tonse. Anandiitana kuchipinda kuti tikayale chofundacho limodzi, aliyense kugwira mbali yake.

Sichinakwane. Chaperewera kwambiri m'lifupi.

Tinakhala tikuyang'ana, mpaka iwo anachitembenuza kuonetsa kuseri. Msoko uliwonse umadya nsalu, pafupifupi chala chimodzi mbali iyi ndi chala china mbali inayo. Kachigamba kalikonse kanachepa polowa pakati pa tinzake. Iwo podula sanasiye malo a msoko. Ine powerenga sindinawaganizire. Tonse awiri tinayesa kuti zidutswa zikalumikizana zimakhalabe mmene zinalili.

Chinaphimba mbali imene iwo amagona. Mbali ya amayi, ya kukhoma, inangokhala poyera.

Anaima nthawi yaitali akusisita msoko umodzi ndi chala chachikulu. Kenako anawala nkhope. Anati palibe chovuta, pali diresi yobiriwira imene anaisungira mapeto, ndi yotakata moti itulutsa mzere wozungulira chofunda chonse. Anandiuzanso chinthu chimene sindinamvepo: ndi imene amayi anavala tsiku loyamba kukwera basi yawo. “Ndinapitirira siteji chifukwa chowayang'ana pagalasi. Anthu anandinyoza basi yonse, iwo okha ndiwo ankaseka.” Amayi anaikulitsa okha kawiri, nditabadwa ine komanso pambuyo pake, osafuna kuitaya.

Akuti aitulutsa Lamlungu, akatha kusita misoko.

Ine wodziwika pa yunivesite yonse kuti sindisowa choyankha, ndinati ndikukaika madzi a tiyi pamoto.

Loweruka, 22 Malichi

Ndinabwerera kumsasa ndekha, nditanyamula madiresi anga awiri oti ndikasinthanitse. M'basi ndinakonza mawu onse.

Mayi uja ndinamupeza akuyanika zovala. Anali atavala diresi yobiriwira ija. Thumba lina lodzaza ndi sopo ndi makiyi a nyumba imene kulibenso, lina mwana wake wamng'ono atalowetsamo dzanja, akuyenda naye kulikonse. Anandizindikira. Anati ndi yokhayo imene akaivala amadziona ngati munthu amene ali ndi kwawo.

Ndinamupatsa madiresi awiri aja. Yobiriwira sindinaitchule.

Lamlungu, 23 Malichi

Bambo ndinawauza za diresi m'mawa, asanafike pa sutikesi. Ndinayamba ndi zifukwa zitatu zija, koma ndinathera pa choyamba.

Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anazimitsa simbi, anakhala pampando wa makina, n'kufunsa funso limodzi: “Inawakwana?” Ndinati inawakwana. Anafunsanso ngati matumba anawaona. Ndinati anawaona, ndiponso kuti mayiyo anaseka. Bambo anagwedeza mutu. Kenako ananena motsitsa mawu kuti ndikanawapempha mwina akanakana, koma bwenzi ataigwirako komaliza.

 

Anavundikira makina ndi nsalu n'kutuluka. Sanadye masana.

Lachitatu, 26 Malichi

Masiku atatu pabalaza pali zii. Sindinkadziwa kuti phokoso lija ndinalizolowera. Chofunda anachipinda n'kuchiika pampando. Timapatsana moni ngati anthu ochita lendi nyumba imodzi.

Dzulo ndinaika patebulo, pafupi ndi sizasi, siketi yanga yakuda imene ndimavala pa milandu yoyeserera, ndi malaya ofiira a bungwe lathu.  Lero pobwera ku yunivesite ndapeza pamwamba pake pali malaya awo awiri a yunifolomu ya basi, mabatani atachotsedwa kale n'kuikidwa m'kapu.

Sitinakambirane. Koma mbali ya amayi idzaphimbidwa ndi ife awiri, ndipo sindikufuna kulakwitsanso. Zoyenera kuchitika:

1. Kupepesa kachiwiri, mosatchulamo mawu akuti “komabe”.

2. Kuchapa malaya ofiira kawiri, paokha, kuti asadzasukulukire pa maluwa a siketi ya amayi.

3. Kudula kakatoni katsopano, kokulirapo chala chimodzi mbali zonse, n'kuwerenganso. Iwo aone masamuwo ndisanagwire sizasi.

4. Kuwapempha kuti tsiku lina tidzapite limodzi kumsasa, ngati angafune. Ngati sangafune, kusatsutsa.

5. Kuuza azakhali kuti osoka m'nyumba muno tsopano alipo awiri.

6. Funso la pa 3 Malichi. Mayi uja anayenera kulandira diresi, pamenepo sindisintha. Bambo anayenera kufunsidwa. Mmene ziwirizi zingakhalire zoona nthawi imodzi ndiyenera kuzilemba bwinobwino, ndipo poyamba

Makina ayamba kulira. Aima. Akuitana Aloya kuti akawalowetsere ulusi pa singano.