Kamba wa Bambo Awo Wandilanda Ana

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi manyazi akundigwira, chifukwa amene ndikumuchitira nsanje si mkazi wina, si apongozi, si woyandikana naye nyumba. Ndi amuna anga enieni. Ndipo chimene chandidwalitsa mtima ndi timabokosi tiwiri tapulasitiki timene ana amatengeramo kamba wa kusukulu.

Ndine telala. Ndili ndi ana awiri, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi ndi mnyamata amene wayamba sukulu chaka chino. Chiyambire, kamba wawo ndinkakonza ndekha. Ndinkadzuka ena onse akadali m'tulo, kukazinga mazira ndi anyezi ndi tomato, kuika pakati pa buledi, n'kutseka zikadali zotentha kuti zikafike kusukulu zofunda. Zam'mapaketi zofiiritsa lilime zija sindinkawapatsa. Koma masana timabokosi tinkabwerako tikulemera. Mtsikana ankangoluma pakona, mnyamata sankatsegula n'komwe. Ndinakalipa, ndinanyengerera, mpaka ndinangovomereza kuti ndinabereka ana osakonda kudya.

Ndiye bambo awo, omwe ndi mmisiri womanga nyumba, anagwa pamakwerero kuntchito n'kuthyoka mwendo. Kuchipatala anawamanga chikhakha n'kuwauza kuti akhale pakhomo. Munthu wozolowera thukuta, kukhala pansi kunawasowetsa mtendere. Tsiku lina m'mawa anakwakwaza mpando kulowa nawo kukhitchini, n'kundiuza kuti ine ndizingokonzekera zakuntchito, za ana aona okha. Ndinaseka. Bambo amenewa kuphika kwawo kunali kuwiritsa madzi a tiyi basi, nawonso mpaka ketulo kuuma.

Aphungu, tsiku lomwelo timabokosi tinabwerako tili mbee.

Khitchini yanga aisandutsa malo omangapo nyumba. Mtsikana anamupatsa udindo wa Folomani, mnyamata ndi Wamatope, ndipo mayinawa akanirira. Wamatope amakanya nthochi yakupsa ndi chiponde m'mbale, ati ameneyo ndi simenti. Folomani amadula mbatata yophika kuti ikhale tinjerwa, karoti akhale mapaso a denga. Bambo awo amapaka simenti uja pabuledi, kusanjikiza, kudula timagawo ting'onoting'ono, atatsinzina diso limodzi kuona ngati khoma lawongoka. Dzira lowiritsa amalijambula nkhope pachigoba ndi pensulo yawo yapakhutu, ati ndi mlonda wa pamalopo. Phwete lawo limamveka mpaka kumsewu. Ine ndimakhala kuchipinda ndikusita mayunifomu, mtima ukuwawa. Ndikalowa ndimapeza chiponde pachitseko, makoko a nthochi pansi, ndipo onse atatu amangoti zii ngati kwalowa wapolisi.

Sabata yatha ndinapita kukatenga mnyamata kusukulu. Aphunzitsi ake anandiimitsa pageti, pamaso pa amayi anzanga, n'kuyamba kundiyamikira kuti mwana wasiya kusinza m'kalasi, masaya abwera, ndipo nthawi ya buleki anzake amamuunjirira kuti aone mlonda wa tsikulo. Ine ndinkangomwetulira n'kumati zikomo. Mwana anandikoka siketi, nati, "Si amayi, ndi adadi. Za amayi zimakhala zonyowa." Amayi aja anaseka. Inenso ndinaseka nawo, koma njira yonse sindinamulankhule mwana wanga.

Ndinati ndiwaonetsa. Lolemba ndinalawirira kukhitchini iwo asanadzuke, ndinatseka chitseko, ndinagwiritsa ntchito zomwezo zimene iwo amaika. Buledi ndinadula ngati nyenyezi, mbali zonse zofanana, poti kudula ndiye ntchito yanga. Anadya theka. Nditafunsa, mtsikana anati zinali bwino, koma anayankha ndi ulemu umene amalankhulira ndi alendo.

Chikhakha akuchotsa sabata yamawa, ndipo bambo awo abwerera kuntchito kumene amanyamuka kusanache. Mnyamata atamva anasiya kudya, n'kufunsa kuti, "Ndiye tibwereranso ku za amayi?" Bambo ake anamudzudzula, koma ndinaona kuti m'maso mwawo munali kachimwemwe.

Ndisabise, mbali ina ya mtima wanga ikukondwera kuti akuchoka m'khitchini mwanga. Mbali ina ikuopa kuti timabokosi tiyambiranso kubwera todzaza, aliyense n'kudziwa kuti vuto ndinali ine. Ana amenewa ndinawanyamula ndine, ndawadyetsa zaka zonsezi popanda wondiombera m'manja, lero munthu wabwera dzulodzuloli ndi pensulo yake ndiye ngwazi? Kodi ndiwaletse kulowanso kukhitchini? Ngati ayi, ndipatseni maphikidwe oposa awo, ana anga abwerere kwa ine.

Ine,
N. K., telala wa pafupi ndi msika

Mayi,

Maphikidwe ogonjetsera amuna anu sindikupatsani, ndipo kukhitchini musawaletse. Koma nsanje yanu ndikuimvetsa, ndipo si yochititsa manyazi. Mwadzuka m'mawa zaka zonsezi popanda wokuthokozani, wina wangogwira kanthawi kochepa dzina lake lamveka mpaka pageti pa sukulu. Zimapweteka. Amayi ambiri amalira kuti bambo sathandiza, inu mwapeza othandiza, kenako mwaona kuti kuthandizidwako kuli ndi ululu wake.

Tiyambe ndi mawu a mwana aja. Sanakunyozeni, anakuuzani zoona zimene munthu wamkulu akanakubisirani. Dzira lokazinga ndi tomato mukalitsekera likadali lotentha, nthunzi imadontha n'kunyowetsa buledi, ndipo pofika buleki mwana amapeza zonyowa, zozizira, zomata m'zala. Chakudya chanu chinali chopatsa thanzi, koma chinali cha patebulo, osati cha m'kabokosi. Buleki ndi yaifupi, ndipo mwana mtima umakhala uli ku masewera. Amafuna chimene angagwire ndi dzanja limodzi, aponye kukamwa, athamange.

Nanga bwanji nyenyezi zanu zinalephera, pamene munaika zomwezo? Munatseka chitseko. Inu mwazolowera kugwira ntchito nokha pamakina, pomwe dzanja la mwana likayandikira ndi ngozi. Amuna anu sanamangepo nyumba okha, amadziwa kuti pantchito pamafunika wokanya ndi wopatsira. Mwana amadya chimene manja ake akhudzapo, ngakhale chikhale chokhota. Amuna anu sakukuposani kuphika, akukuposani kupirira chiponde pachitseko.

Ndiye chitani izi chikhakha chisanachoke. Choyamba, auzeni amuna anu muli awiri, mosazungulira, kuti mukuchita nsanje ndipo mawu a ana akukupwetekani. N'kutheka sakudziwa kuti kachimwemwe kawo kaja munakaona. N'kuthekanso kuti nawo akudandaula kusiya ana amene angowadziwa bwino mwendo utathyoka. Mawa lake lowani kukhitchini, osati kudzayendera ukhondo, koma kudzapempha ntchito. Folomani akuonetseni mmene amadulira, ndipo akakudzudzulani kuti njerwa yanu yakula, vomerani. Mnyamatayo mumuuze kuti tsiku lija simunamukwiyire iye, chifukwa mwana amene mayi ake anangokhala chete njira yonse amaganiza kuti kunena zoona n'kulakwa.

Za m'kabokosi si zovuta. Muzikhala chokhutitsa, monga buledi, mbatata kapena chimanga chophika. Muzikhala chomanga thupi, monga dzira lowiritsa mpaka kulimba, mtedza, chiponde kapena nyama yotsala yowotchedwa bwino. Pomaliza chipatso kapena masamba otafuna osaphika: nthochi, lalanje losenda kale, karoti, nkhaka. Peyala mukaika, lidonthezereni ndimu kuti lisade. Zonyowa zikhale pazokha, zouma pazokha, ndipo chilichonse chizizire musanatseke. Chakumwa chikhale madzi. Zambiri mungakonzeretu madzulo, bambo ataweruka, kuti iwo asachotsedwe ntchito ndipo inu m'mawa musathamange. Ana azisamba m'manja asanagwire chakudya, mpeni wakuthwa ukhale ndi wamkulu, ndipo muwafunse aphunzitsi ngati m'kalasimo muli mwana amene mtedza umamudwalitsa, poti ana amagawana.

Musalimbane ndi kukopera za zomangamanga, zimenezo ndi za bambo awo. Inu muli ndi zanu. Telala sangasowe kansalu kotsala kosokera mwana kathumba konyamulira kabokosi, nsalu yake atasankha yekha.

Koma ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. Musadzawafunse ana kuti zokoma ndi za ndani, ndipo musamaime pakhomo kudikira kuona ngati adya. Mtsikana wanu wayamba kale kukuyankhani mosamala. Ana amazindikira msanga chimene chimakondweretsa mayi awo. Akadzaona kuti nkhope yanu imawala kabokosi kakabwera kopanda kanthu, adzayamba kukhuthula m'bini ya kusukulu asanafike kunyumba. Inu mudzagona mukuti mwapambana, mwana atakhala ndi njala tsiku lonse kuti inu musakhumudwe.

Ndine wanu,
Aphungu