Getiwe Ipite ku Nathenje

Lolemba, 2 Ogasiti 2004
Mabokosi afika kuchokera kulikulu la bungwe lathu la alimi. Muli zipangizo ziwiri za intaneti: getiwe ndi kontirola. Maofesi ndi awiri, kuno ku Mitundu ndi ku Nathenje. Wolumikiza ndine ndekha. Fumbi, chimfine.

Lachinayi, 5 Ogasiti
Msonkhano. Ndafotokoza mpaka kukhosi gwa. Getiwe ndi khomo, intaneti imalowera pamenepo. Kontirola imangoyang'anira timawayilesi ta m'maofesi, kuti kompyuta iliyonse ilumikizike bwino. A Efulemu, bwana wa kuno, angomva zoti imalamulira basi. "Cholamuliracho chikhale kuno, Mayi Masozi. Ife si nthambi ya munthu." Mayi Alima, bwana wa ku Nathenje, nawonso akuchifuna.

Lachitatu, 11 Ogasiti
Kontirola pamiyendo m'minibasi mpaka ku Nathenje. Ndikungotsika, uthenga wa a Efulemu: ibwerere. Si koyamba. Msana ukuwawa. Mwana wanga Tikondane ndamupeza atagona ndi yunifolomu, osadya.

Lachisanu, 20 Ogasiti
Akulikulu afunsa maganizo anga. Ndanena zoona. Getiwe ndi mbale ya setilaiti zipite ku Nathenje: ofesi ili pamsewu wa tala, magetsi ake sathimathima ngati athuwa. Kontirola ingakhale paliponse, ndiye itsale kuno, mkangano uthe. A Efulemu agulira aliyense zakumwa. Mayi Alima sanayankhe moni wanga.

Loweruka, 28 Ogasiti
Zikuyenda. Ndagona masana onse.

Lolemba, 6 Sepitembala
Akulikulu abwera okha. Thandizo lachepa, ofesi imodzi itsekedwa. Itsala imene ili ndi getiwe, poti mbale njovuta kusamutsa. Kontirola n'kungoinyamula. "Malinga ndi malangizo a Mayi Masozi," atero, pamaso pa onse.
Ine ndisamukire ku Nathenje. Anzanga akuno, ntchito yatha.
A Efulemu sanakalipe. Angofunsa chapansipansi, "Munkadziwa, mayi?"
Sindinkadziwa. Palibe wandiyang'ana kumaso.

Lachiwiri, 7 Sepitembala
Ndazula mawaya. Za nyumba ku Nathenje, za sukulu ya Tikondane, sindinayambe n'kuganiza komwe.
A Gilibati, alonda athu, ntchito yawo inatha dzulo koma abwerabe. Andithandiza kunyamula bokosi mpaka pasiteji. Njira yonse ndimafunafuna mawu oti ndiwauze. Minibasi itaima ndinayasama kuti ndiyambe, iwo n'kuti, "Gwirani bwino pansipo, mayi, lingagwe."