Liwu Limodzi la pa Kapepala

Lachinayi, Julaye, ku Umoja.

Tsiku lozizira, lopanda dzuwa. Anandiitana ku Embakasi, ku kampani ya ndege zonyamula chakudya cha chithandizo. Makaniko wawo wa ku Russia, Oleg, sanaoneke kuntchito masiku atatu. Mnzake wogona naye chipinda chimodzi anasiya kapepala asanauluke kupita ku Sudan. Panali mawu awiri okha: Oleg ushol.

Abwana a kampaniyo anafuna ndimasulire m'Chingerezi. Ndinawafotokozera zomwe ndinaphunzira ku Moscow, kuti Chirasha sichingoti munthu wapita. Akanalemba vyshel, ndiye kuti watuluka pang'ono, abwera. Akanakwera galimoto kapena ndege, liwu likanakhala lina. Ushol ndi kuchoka wapansi, osabwerera msanga. Amateronso munthu akasiya ntchito, akasiya mkazi, ngakhale akatisiya.

"A Gondwe, ndikufuna liwu limodzi," anatero abwanawo. "Ngati wasiya ntchito, tikafafanizitsa chilolezo chake chogwirira ntchito mawa."

Ndinalemba kuti wachoka wapansi, basi. Sanakondwe nazo. Pasipoti ndi jekete yake zili m'chipinda, ndipo apolisi auzidwa.

Cha m'ma 4 koloko mkazi wa Oleg anaimba foni kuchokera kwawo. Abwana anandipatsa ine foniyo, poti palibe wina womva chilankhulocho. Mayiyo anamvetsera mpaka ndinamaliza kufotokoza, kenaka anafunsa kuti pakapepalapo alembapo liwu liti.

Ndinamuuza kuti vyshel. Anapumira m'mwamba nandithokoza kawiri.

Akuti aimbanso Loweruka. Mnzake wa Oleg uja akutera mawa masana, ndipo akadzangotsegula pakamwa...