Ngolo Inali Itakhota Kale

Lachinayi, 9 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu, komanso kuti kuzizira kwa kumeneko kwaleka kuvutitsa mawondo anu. Kalatayi ndiijambula n'kukutumizirani pa foni, chifukwa ndikati ndiimbe, sindingathe kufotokoza zonse bwinobwino.

Mwana wanu Phokoso ali m'chipatala. Mtima m'malo: akudya, akulankhula, ndipo anamwino atopa naye kale. Koma sabata yatha mwala unagumuka m'mgodi n'kumupsinja mwendo wakumanzere, ndipo adokotala sanatsimikize ngati mwendowo upulumuke. Iye anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni. "Amalume, mukawauza mayi, ayamba kulira asanakwere n'komwe ndege, ndiye ine wodwala ndizikatonthozanso anthu." Ndinavomera, koma lero ndalephera kusunga lonjezolo.

Ndikufotokozereni kaye za ntchito yanga ya pamgodi womwewo, imene mumaitcha "zamawaya" ngakhale ilibe waya. Pansi pa nthaka foni sigwira. Choncho wantchito aliyense amavala kawailesi pachifuwa, tina timakhala pa ngolo zonyamula miyala, ndipo uthenga umayenda mopatsirana, kuchoka pa uyu kupita pa woyandikana naye, mpaka kundifika ine pamwamba, m'kachipinda ka fani yolira. Popeza anthu ndi ngolo sizikhala malo amodzi, timawailesito timaitanizana pafupipafupi kuti "ndili pano, ndili pano," ndipo m'menemo ndi mmene timadziwira njira imene ikadali yotseguka.

Kuitanizanako kumadya batire. Anthu ankadandaula kuti mawailesi akuzima asanaweruke, ndipo wotsogolera madandaulo anali mwana wanuyu. "Amalume, timawailesi tanuti n'tolongolola kuposa ine. Tiuzeni titseke pakamwa!" Anzake ankafa nacho chiseko, nanenso ndinkaseka. Kapitawo nayenso anandikhalira pakhosi. Ndiye ndinasintha kuti tiziitanizana patalipatali. Ndinayesa ndithu, nditatiyala patebulo, ndipo zonse zinayenda bwino. Koma patebulo palibe chimene chimasuntha, Achemwali. Ndinkadziwa kuti ndiyenera kutsika kukayesa ngolo zikuyenda, koma msana unkandiwawa, ndiye ndinati ndidzatsika tsiku lina. Mabatire anayamba kufika madzulo, anthu n'kumanditamanda, ine n'kuiwala zotsika.

Mwala utagwa, iye anadina batani loitanira thandizo. Kawailesi kake kanaponya uthengawo kwa ngolo imene kankayesa kuti ili pafupi, chikhalirecho inali itakhota kale n'kupita kutali. Kanaitana ngolo yosowayo mobwerezabwereza. Pamene kankazindikira kuti njirayo yafa n'kuyamba kufunafuna ina, nthawi inali itapita. Ine ndinali pamwamba ndikumwa tiyi, kompyuta ikundionetsa kuti zonse zili bwino. Adokotala akuti magazi anakhala nthawi yaitali osafika kuphazi. Ine ndinaopa kufunsa ngati n'chifukwa cha kuchedwako.

Tsiku lomwelo ndinabwezeretsa zonse mwakale, n'kutsika ndekha kukayesa ngalande iliyonse, msana osaumvanso. Akuluakulu a pantchito ndawafotokozera zonse. Amene sindinamuuze ndi mwini mwendo. Dzulo nditamupititsira malalanje, anauza odwala anzake kuti, "Awa ndi amalume anga, akatswiri enieni. Pakanapanda kawailesi kawo, bwenzi pano akundiimbira nyimbo." Kenako anandiyang'anitsitsa n'kuti, "Nanga nkhopeyo bwanji, ngati mwameza sopo? Mwendo ndi wanga, inu mukudandaula chiyani?" Ndinangosenda lalanje n'kumupatsa.

Masiku ano ndikumakumbukira tili ana, mukundimanga mabatani a malaya m'mawa uliwonse, n'kundizungulira kaye kuti muone ngati kolala yakhala bwino. Simunkandilola kutuluka musanaone ndi maso anu. Ndipo pamene munkanyamuka kupita kunjako, munandigwira mkono pakhomo n'kunena za Phokoso kuti, "Ndi wamkulu, koma uzimuyang'ana." Ndinayankha mwachangu kwambiri tsiku limenelo.

Lolemba adokotala adzagamula za mwendowo. Bwerani, Achemwali. Akufuna mayi ake ngakhale akudzilimbitsa. Akagona, amatembenukira kukhomo aliyense akalowa. Mukafuna kundikalipira, imbani, ndimvetsera mpaka mumalize. Ndikupempha chimodzi chokha: za wailesizi musamuuze ndinu. Ndimuuza ndekha Lolemba lisanafike, kuti ngati angamulowetse ku opaleshoni, asankhe yekha ngati akufuna kuti ndimugwire dzanja.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana. Mlamu wanu kuno akuti musade nkhawa za zovala ndi zofunda za Phokoso, ndiye akumuchapira, ndipo chipinda chanu wakonza kale. Ndikakuchingamirani ndekha. Mukapanda kufuna kukwera galimoto yanga, ndinyamula katundu yekha.

Ndine mlongo wanu, ngati mungandilolebe kudzitcha choncho.