Mzere Wodutsa pa Maziko Anu

Nsanama, Machinga
14 Okutobala

Achimwene a Haruna,

Salaam aleikum. Muli bwanji ku Joniko? Chifuwa chija chinasiya? Kuno tili bwino, kungoti Amayi mawondo akuwavutabe.

Nkhani ndi ya nyumba yanu. Sabata yatha kunabwera anthu okonza mapulani a matauni. Akuti Nsanama ikukula, ndiye akufuna adziwe modutsa ngalande madzi asanatipwetekenso. Mapu anali nawo, koma khwawa lakale la kuseri kwa msika munalibemo, poti linakwiririka kalekale. Choncho anayala chipepala chachikulu pansi, ati tijambule tokha mmene madzi anayendera nthawi ya namondwe wa Freddy.

Azibambo onse ankangoloza ndi zala, wogwira cholembera osaoneka. Mai Luckness, oyandikana ndi puloti yanu aja, anandikankhira kutsogolo. Ati telala wolemba ndi choko pansalu tsiku ndi tsiku sangalephere mzere umodzi.

Ndinayambira kumsewu. Aliyense ankanena pamene madzi analekeza kwake, wina m'mawondo, wina m'chiuno, ine n'kumalumikiza. Nditafika kuseri kwa msika dzanja linaima lokha. Achimwene, mzerewo ukudutsa pakati penipeni pa maziko anu.

A Hamadi, amisiri anu, anandinong'oneza kuti ndiukhotetse pang'ono, palibe angadziwe. Sindikubisirani, ndinaganizadi zotero. Koma kokhotera kwake kunali pakhomo pa Mai Luckness, eni ake ali chiimire pambali panga, mwana kumbuyo. Mmodzi wa a mapulani aja anati khoma lanu likaima pamenepo, madziwo adzakhoteradi komweko. Ndinaulemba mowongoka.

Pepala lija anapita nalo, ndipo akuti pamenepo padzadutsa ngalande. Zokupatsani malo ena kumtunda anangoti aona, sanalonjeze. Amayi sakundiyankhula mpaka lero. Mawu awo omaliza anali akuti, “Wagwetsa nyumba ya mlongo wako ndi cholembera.” Zikundiwawa, chifukwa ndikudziwa zaka zimene mwavutika m'dziko la eni kuti maziko amenewo aoneke.

Chonde uzani a Hamadi aleke kaye kumanga. Ine sakundimvera, dzulo lomweli anawonjezera mizere itatu ya njerwa, mvula ili pafupi. Ngati n'kukwiya, kwiyirani ine, musawanene Mai Luckness. Koma dziwani kuti atandiyaliranso pepala lina mawa, ndingalembe momwemo.

Allah akusungeni. Moni kwa alamu ndi ana.

Ine mlongo wanu,
Salima