Tsiku limene ndinayankhira a Nachisale

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ku Joni thupi lili bwino, koma mtima sunakhazikike.

Loweruka gulu lathu lija la amayi amene tinaphunzira ku yunivesite linakumana ku Bertrams, dera lina la kuno ku Joni. Tikulemba mbiri yake, ndiye mlembi watsopano anabweretsa kaundula woyamba, wa nthawi imene tinalipo asanu okha, madigiri ali m'sutikesi ife tikukolopa m'nyumba za eni. Mwambo wathu ndi wakuti akaitana dzina la munthu amene sanabwere, mnzake amamuyankhira kuti, "Ali kuntchito."

Mlembiyo anayamba kuwerenga mokweza. "Mayi Nachisale!"

"Ali kuntchito," ndinatero.

Achemwali, patha zaka zitatu chimwalirire a Nachisale, amene anayambitsa gululi. Ndine ndinaperekeza bokosi lawo mpaka pagalimoto yopita kumudzi. Mlembiyo, posadziwa kanthu, anachonga n'kupitiriza, ndipo palibe anamuletsa. Kuyambira tsikulo, ndikamakolopa ndimakhala ngati ndikumva wina akufinya chikolopa kuchipinda china.

Digiri yawo ikadali m'sutikesi mwanga. Ankaiika patebulo pamsonkhano uliwonse kuti tisaiwale zimene tinaphunzira. Chonde pitani kwa mayi awo ku Ntcheu mukawauze kuti ndikufuna kuitumiza. Mwina ikafika kwawo, a Nachisale aweruka.

Mundipempherere, ndipo Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Tiyamike